Zitenje Zisanu Kuseri kwa Wodi

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse amene muwerenge umboni uwu. Moni wapadera upite kwa inu ana anga amene muli m'sukulu za unamwino, amene ndimakuonani Lamulungu mutakhala kumbuyo kwa tchalitchi, maso ali psuu ndi mayeso. Ine ndine Agnesi, amene ambiri mumangonditchula kuti anesi akale aja. Ntchito ya unamwino ndi uzamba ndinaigwira mpaka mutu kuchita mbuu, ndipo ana amene anafikira m'manja mwangamu sindingathe kuwawerenga. Koma sindikulemba kuti ndidzitame ayi. Ndikufuna ndikuuzeni za tsiku limene mayi wina anatsala pang'ono kufa ndi kutaya magazi ine ndili pomwepo, ndikulemba papepala kuti zonse zili bwino.

Zinali m'zaka za m'ma 1970, ndili mtsikana wa zaka makumi awiri, ndikuphunzira uzamba pasukulu ina ya mishoni. M'kalasi ndinali katakwe, ndisakunamizeni. Aphunzitsi akafunsa funso, anzanga ankayamba ayang'ana ine asanayang'ane pabolodi. Buku lalikulu la uzamba ndinaliloweza ngati katekisimu, moti mukanandidzutsa kutulo n'kundifunsa zoyenera kuchita mayi akamataya magazi atachira, ndikanakuyalirani zonse m'Chingerezi, chimodzichimodzi, osapumira. Ndipo ndinkadzimva, abale. Kapu yanga ya kumutu inkakhala youma gwa ndi sitachi, kawotchi kali lende pachifuwa, poyenda ndinkachita ngati pansi pali minga.

Koma tamvani mmene tinkaphunzirira. Kubaya jakisoni tinaphunzirira pa lalanje. Kulowetsa singano ya diripi mumtsempha tinaphunzirira pa kapaipi ka labala komangirira pathabwa. Kubereketsa tinaphunzirira pa chidole chachikulu chimene mimba yake inkatsekulidwa ngati chivindikiro cha poto. Chidolecho sichinkabuula, sichinkachita manyazi, ndipo chinalibe amayi ake okhala pambali pa bedi. Kuwodi ya chipatala chachikulu tinkapitako ndithu, koma tinkaunjikana khumi pa bedi limodzi, ine ndili kumbuyo ndi kope langa, kulemba zimene ena akuchita. M'buku muja analembamo kuti mayi akangochira, chiberekero chake chiyenera kulimba ngati mpira wa masewera ena a kwa azungu otchedwa kiriketi. Mawuwo ndinawaloweza, pamayeso ndinawalemba, n'kukhoza bwino lomwe. Koma mpirawo ndinali ndisanauonepo, ngakhale kuukhudza. Kaya ndi waukulu ngati dzungu, kaya umabonyeka ukaudina, ine sindinkadziwa, ndipo kufunsa ndinkaona ngati kudzitsitsa.

Itakwana nthawi yokaphunzira ntchito kumudzi, ananditumiza ku kachipatala kena kakang'ono m'boma la Mchinji, cha kumbali ya ku Kachebere, kufupi ndi malire. Odwala ankachokera mbali zonse ziwiri, ena kudzera m'tinjira ta m'mapiri kuchokera ku Zambia. Ogwira ntchito tinalipo ochepa. Panali a Sisita, mzamba wamkulu amene ankandiyang'anira, panali bambo wina woona odwala oyendera, dalaivala, ndiye panali a Nambewe.

Sabata zoyamba ndinangokhalira kudandaula. Magolovesi tinkawawiritsa n'kuvalanso mpaka atang'ambika. Zida zambiri zimene ndinajambula bwino m'kope langa kunalibe. Chilichonse chimene a Sisita achita, ine pakamwa panali pokonzeka: "Koma m'buku sanatero." Ndinanena mawu amenewa kambirimbiri mpaka anandipatsa dzina lakuti Nabuku, ndipo ine, kupusa kwanga, ndinkaliona ngati ulemu.

A Nambewe anali mayi wokolopa. Anali wamfupi, wa zaka zopitirira makumi asanu, mapazi a ming'alu, ndipo posainira chilichonse ankadinda chala. Sankalankhulalankhula. Anali ndi chizolowezi china chimene chinkandinyansa kwambiri. Akakolopa pang'ono, ankatsamiritsa chikolopa kukhoma n'kuzungulira kuseri kwa wodi ya amayi, kumene odikirira odwala ankachapira ndi kuyanika nsalu, n'kuima pamenepo manja ali m'chiuno. Ine ndinkati ndi ulesi basi. Tsiku lina ndinakawanenera. A Sisita anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti, "Asiye a Nambewe." Mumtima ndinati akuwakondera chifukwa akhalira limodzi nthawi yaitali.

Tsiku la nkhaniyi linali la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kuboma kunali msonkhano waukulu wa chipani. Inu ana a lero simungamvetse, koma masiku amenewo ukaitanidwa sunkafunsa kuti chifukwa chiyani. Malole anabwera m'mawa kudzatenga amayi ovina, sitolo zonse za pamsika zinatsekedwa, m'midzi munangotsala nkhalamba ndi nkhuku. A Sisita ndi bambo uja nawonso anaitanidwa, ndipo galimoto imodzi yokhayo ya pachipatala inayenera kuwatenga.

Asananyamuke, a Sisita anabereketsa mayi wina dzina lake Tereza, wochokera kumudzi wina wa tsidya la malire. Anali wamkulu kwa ine mwina ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo uyu anali mwana wake wachisanu ndi chiwiri. Mwana anabadwa bwinobwino, wamwamuna, wolira mokweza. Nsengwa inatuluka yonse. A Sisita anamupima Tereza, n'kusamba m'manja, n'kundiitanira pakhomo.

"Agnesi, mayi wobereka kambiri ndi amene amataya magazi. Mphindi khumi ndi zisanu zilizonse uzigwira chiberekero, uzikweza nsalu, uziona ndi maso ako. Wamva?"

"Ndamva, a Sisita," ndinayankha, mumtima ndikuti zimenezo ndikudziwa ndi tsamba lake lomwe.

Galimoto itapita, ndinalowa mu wodi ndi pepala langa lolembapo za wodwala. Pambali pa bedi, pansi, panakhala amayi ake a Tereza, gogo wamtali wa mphini kumaso, amene anabwera kudzamudikirira. Ndinawapatsa moni, n'kutambasula dzanja kuti ndikweze chitenje chimene Tereza anafunda. Gogo uja anandigwira pamkono. Sanandigwire mwaukali ayi, anandigwira mwaulemu ndithu, akumwetulira.

"Pepani anesi. Kodi muli ndi mwana kunyumba?"

"Ayi agogo, sindinakwatiwe."

"Ndiye izi zisiyeni, mwana wanga. Si zoona inu izi. Tilipo ife akuluakulu, chikavuta tikuuzani."

Ndikufuna mundimvetse bwino pamenepa, chifukwa ndi pamene ndinagwera. Gogo uja sanali woipa. Kwathu kuno tinakula tikuuzidwa kuti magazi a uchembere saonedwa ndi mtsikana amene sanabereke, akuti angatsekeke osadzaona mwana. Tinkauzidwanso kuti nsalu ya magazi oterowo siisiyidwa poyera ngakhale kamphindi, kuopa anthu oipa mtima angaitole n'kukachitira zawo. Choncho mayi wosamala mwana wake amaichotsa msanga, n'kukaichapa mobisa, n'kuyala ina youma. Ineyo zimenezi ndinazimva kwa anamkungwi ndisanalione n'komwe buku la azungu lija. Ndiye atangondigwira pamkono, unesi wonse unandithawa. Ndinasanduka kamtsikana ka kumudzi koopa kuvundukula munthu wamkulu pamaso pa amayi ake. Ndinachita manyazi, ndipo ndisabise, ndinachitanso mantha kuti mwina zija za kutsekeka n'zoona.

Ndinangodina pamimba pa Tereza ndi nsonga za zala, pamwamba pa nsalu. Ndinamva kanthu, koma kuti kalimba kapena kafewa sindinadziwe. Ndinadziuza kuti mwina mpira wa kiriketi umakhala chonchi. Ndinasuzumira m'mbali mwa bedi, nsalu zinali zouma bwinobwino. Ndinalemba papepala, m'Chingerezi chokongola, kuti chiberekero chalimba, magazi ndi ochepa. Ndinabwerakonso kachiwiri, kachitatu, kachinayi, ndipo ulendo uliwonse ndinkapeza Tereza atafunda chitenje china chouma, gogo akumwetulira, ine n'kulemba zomwe zija. Kusintha kwa zitenjeko ndinakuona ndi maso angawa, koma ndinangoti anthu awa ndi aukhondo.

Ulendo wachinayi Tereza anapempha madzi. Anamwa kapu yonse n'kupemphanso ena. Ankayasamula pafupipafupi, thukuta lili pamphumi, ndipo nditamugwira pamkono ndinamva mtima ukugunda mofulumira. Zonsezi zinali m'buku, patsamba limene ndinaloweza. Koma m'buku zinali pamndandanda, pansi pa mutu wake wolembedwa ndi zilembo zazikulu, pamene apa zinkabwera chimodzichimodzi, chilichonse ndi kachifukwa kake. Ludzu ndinati n'kutentha kwa Okutobala. Kuyasamula ndinati n'kutopa, munthu wangochira kumene. Ndinabwerera mu kaofesi n'kutsegula buku kuti ndiziwerengera mayeso. Tangoganizani! Ndinkawerenga za kutaya magazi, munthu akutaya magazi kuseri kwa khoma lomwelo.

Cha m'ma 11 koloko chitseko chinatseguka popanda odi. Anali a Nambewe, manja akudontha madzi.

"Anesi, tiyeni kuseri."

"Ndili pantchito, a Nambewe. Ngati ndi sopo, dikirani a Sisita."

Anandigwira ndi dzanja lonyowa lija, pa yunifolomu yanga yoyera, n'kundikoka ngati mbuzi. Ndinakwiya, koma nditayang'ana nkhope yawo ndinawatsatira.

Kuseri kwa wodi, pachingwe, panali zitenje zisanu zongochapidwa kumene. Ndinazizindikira zonse, pakuti zambiri ndinali nditaziona pathupi pa Tereza m'mawa womwewo. Chapatali, kuseri kwa nthochi, gogo uja anali atawerama pabeseni akuchapa chachisanu ndi chimodzi, madzi ali psuu.

"Mu wodi muli mayi mmodzi yekha," a Nambewe anatero. "Dzuwa silinafike pamutu. Werengani."

Mayo ine! Ndinathamanga, kapu ya kumutu ija inagwa panjira osaitola. Ndinakweza chitenje chija, ulemu wonse nditauiwala, ndipo zimene ndinaona ndidzapita nazo kumanda. Magazi ankatuluka mwakachetechete, osaleka, ngati mpopi wosatseka bwino. Zikhatho za Tereza zinali zoyera mbee, lilime loyera, thupi lozizira pakati pa kutentha konse kuja. Ndinamuitana dzina, anangotembenuza maso. Khanda lake linali m'tulo pambali pake, osadziwa kanthu, ndipo kumudzi anali atasiya ena asanu ndi mmodzi.

Telefoni panalibe. Galimoto inali kuboma. Ngakhale ndikanatuluka kukakuwa, m'midzi munalibe amuna oti n'kunyamula munthu pamachira. Namwino yense wa pachipatala paja ndinali ine, Nabuku. Ndinayamba kutchula mokweza zoyenera kuchita zija, m'Chingerezi, choyamba, chachiwiri, chachitatu, ngati ndaima pamaso pa woyesa mayeso. Pakamwa pankayenda, koma manja anali lende. Ndinadziwa kuti mayi uyu afa, ndipo womupha ndine, ndi cholembera changa.

Pamenepo ndinapemphera. Ine ndinali munthu wa mapemphero oloweza, a Lamulungu, koma ili silinali loloweza. Ndinati, "Ambuye Yesu, mutu wanga wadzaza koma manja ndilibe. Ndibwerekeni manja." Basi, pemphero lonse linali lomwelo. Sindinagwade, sindinatseke n'komwe maso.

Abale anga, thupi limandichita tsemwe mpaka lero ndikamakumbukira. Ndisanatseke pakamwa, manja awiri anagwira manja anga kuchokera kumbuyo. Manja okhakhala, ong'ambika ndi madzi a tsiku ndi tsiku, onunkha mankhwala okolopera. Ndinapempha manja, ndipo manja anabwera, enieni, ofunda, a zala khumi. Anali a Nambewe. Anatenga dzanja langa lamanja n'kuliika pamimba pa Tereza, pathupi penipeni, cha pamchombo, n'kulikanikiza mozama kuposa mmene ine ndikanayerekezera pa munthu wamoyo.

"Mukumva? Chafewa ngati papaya lakupsa. Tikitani, musamumvere chisoni, mpaka chilimbe ngati dzaye."

Dzaye! Chipatso chija tinkatola kutchire tili ana n'kumachiswa pamwala. Chimenecho ndinkachidziwa, dzanja langa linkachidziwa. Zaka ziwiri ndikusenza mpira wa kiriketi m'mutu, kusowa wondiuza kuti ndi dzaye. Ndinatikita, manja awo ali pamwamba pa anga, kuzungulira, kuzungulira. Tereza anabuula. Mibulu ikuluikulu ya magazi oundana inatuluka. Kenaka ndinamva chinthu chikusonkhana pansi pa chikhatho changa, chikuuma, chikuuma, mpaka chinakhala chobulungira, cholimba gwa. Ndinamva ndi dzanja langa thupi la munthu likudzitseka lokha monga Mlengi analipangira, ndipo ndinachita mantha a mtundu wina, mantha okoma. Magazi aja anachepa.

Chodabwitsa china n'chakuti dzanja litangodziwa, buku lonse linadzuka. Zija ndinkangotchula pakamwa zinatsikira m'manja. Ndinawasiyira a Nambewe mimba, n'kuthamangira ku firiji ya parafini kukatenga jakisoni wolimbitsa chiberekero, n'kumubaya pantchafu. Ndinachotsa mkodzo ndi kapaipi, pakuti chikhodzodzo chikadzaza chiberekero sichigwira bwino. Ndinakweza bedi cha kumapazi n'kulowetsa njerwa pansi, kuti magazi otsalawo azipita kumutu. Mphamvu zonyamulira bedi lachitsulo lija sindidziwa kumene ndinazitenga.

Apa gogo uja analowa, beseni lili m'manja. Ataona mwana wake atavundukulidwa, ine manja ali magazi okhaokha, anaponya beseni pansi n'kuyamba kukuwa kuti tamuchititsa manyazi, kuti mtsikana waona zosayenera kuona. Koma a Nambewe, dzanja lili pamimba pompaja, anawayankha osakweza mawu.

"Amayi, mwambo ndikuudziwa, nanenso ndine ntchembere. Koma mwana wanu akupita. Uyu lero si mtsikana, ndi mzamba. Tengani khandalo muliike kubere liyamwe."

Gogo anayang'ana nkhope ya mwana wake, ndipo ndikhulupirira kuti ndi pamene anaiona bwino koyamba tsiku limenelo. Anatenga khanda lija n'kuligwirizira kubere, misozi ikutsika m'mphini zija. Kuyamwitsa kumathandiza chiberekero kulimba. Zimenezonso zinali m'buku, koma ine ndinali nditaziiwala.

Kunatsala diripi. Mitsempha ya Tereza inali itathawa yonse. Kapaipi ka pathabwa kaja kankakhala phee, koonekera, koma apa panalibe chooneka. Ndinabaya koyamba, ndinaphonya. Kachiwiri ndinaphonyanso, khungu n'kutupa. Misozi inayamba kunditseka m'maso. A Nambewe anati, "Lekani kuyang'ana, anesi. Papasani." Ndinatsinzina, n'kuyendetsa chala pang'onopang'ono m'kati mwa chigongono, ndikuti Ambuye, kamodzi kokha aka. Ndinamva kachingwe kakang'ono kofewa. Ndinalowetsa singano, magazi n'kuonekera kumbuyo kwake. Madzi anayamba kudontha kuchokera m'botolo, ndipo madontho amenewo ndinawayang'ana ngati mmene mlimi amayang'anira mvula yoyamba.

Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Kawiri konse chiberekero chinafewanso, kawiri konse ndinachitikita, tsopano ndekha, chikulimba. Botolo loyamba litatha ndinaika lachiwiri. Cha m'ma 2 koloko Tereza anatsegula maso bwinobwino n'kufunsa kuti, "Mwana wanga ali kuti?" Gogo anagwa pansi chafufumimba akulira. Ine ndinatuluka panja n'kukasanza kuseri kwa nthochi kuja.

A Sisita anafika cha m'ma 4 koloko, atavala nsalu ya kumsonkhano pamwamba pa yunifolomu. Atangoona mabotolo ndi njerwa sanafunse zambiri. Anamupima Tereza, n'kuuza dalaivala kuti asazimitse galimoto, ndipo anapita naye okha kuchipatala chachikulu cha kuboma kuti akamuonjezere magazi. M'mawa mwake anandiitana, pepala lija lili patebulo. Kunena zoona, ndinali nditaganizako zoling'amba n'kulemba lina. Koma munthu amene Mulungu wangomuyankha dzulodzuloli, angayambe bwanji kunama lero? Ndinaulula zonse, kuti kanayi konse ndinalemba zimene sindinaone. Ndinkadziwa kuti akhoza kundichotsetsa sukulu.

A Sisita anandipatsa cholembera. Anati ndidule mizere inayi ija, koma izionekabe, ndipo pansi pake ndilembe kuti sindinakweze nsalu, n'kusaina dzina langa. Anandionjezera mwezi wina pa kachipatala paja. Anatinso m'mawa uliwonse, ndisanagwire pepala, ndiziyamba ndatsatira a Nambewe kulikonse kumene akupita. Katakwe wa m'kalasi uja, kumatsata wokolopa pambuyo, ndowa ili m'manja! Koma ndinatsata mokondwa. Pokolopa pansi pa mabedi ankaona zimene ife oimirira sitinkaona: mankhwala olavulidwa, kabotolo ka zitsamba kobisidwa m'mpukutu wa nsalu, phala la wodwala loti silinakhudzidwe.

Tereza anabwerako patapita sabata ziwiri, akuyenda yekha, mwana ali kumbuyo. Amayi ake anabwera ndi lichero la mtedza pamutu, ndipo pondipatsa moni anati, "Muli bwanji azamba?"

Mtedza umenewo tinkauswa ine ndi a Nambewe tsiku lina masana, titakhala pamthunzi kuseri kuja, pafupi ndi chingwe. Ndi pamene ndinawapepesa chifukwa chowanenera za ulesi, n'kuwafunsa kuti zonsezi anaziphunzira kuti.

"Ndinali ndi mwana wamkazi mmodzi," anatero. "Anachirira mu wodi momwemu, pabedi la pawindo. Womudikirira ndinali ine. Anesi a tsiku limenelo analinso kamtsikana ngati inu, ndipo ndinakagwira pamkono monga anakugwirirani agogo aja. Ndinachapa zitenje zisanu ndi ziwiri, ndikuti ndikusamala mwana wanga. Pobwera ndi china chouma, ndinapeza wapita."

Anati maliro atatha anabwerera kwa a Sisita kudzapempha ntchito iliyonse, ngakhale yokolopa. A Sisita anawalemba, ndipo pang'ono ndi pang'ono anawaphunzitsa kugwira mimba ya mayi wochira. Zilembo sankatha kuwerenga, koma zitenje ankatha, ndipo kuyambira pamenepo mayi aliyense akachira, iwo ankazungulira kuseri n'kukaima pachingwe. Kuima kuja ine ndinkati ulesi.

Ndinalira ngati mwana, abale, ndipo kuchokera tsiku limenelo sindinawaitanenso ndi dzina, ndinkangoti amayi. Chimene chimandigwetsa nkhope pansi ndikamaganiza za Mulungu wathu n'chakuti yankho la pemphero langa linali litaima kale pachingwe paja zaka zambiri ine ndisanapemphere, ndisanalote n'komwe za unamwino. Sindikunena kuti Mulungu anatenga mwana wa a Nambewe chifukwa cha ine, ayi, zimenezo sindingazinene, ndipo chimene mwana uja anapitira sindichidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti misozi ya mayi uja Mulungu sanaitaye pansi, ndipo chifukwa cha misozi imeneyo Tereza analera yekha ana ake onse asanu ndi awiri.

Choncho ndikuthokoza Ambuye amene sanalole kuti kunyada kwanga kuikidwe m'manda pamodzi ndi munthu wosalakwa. Inu ana anga a unamwino, buku musalitaye, pakuti jakisoni uja ndi diripi ija zinachokera m'buku, ndipo popanda zimenezo Tereza sakanafika kuboma. Koma musachite manyazi kunena kuti ichi sindinachigwirepo, ndionetseni. Kwezani nsalu, mwaulemu ndithu, koma kwezani. Musadzalembe chimene simunachione. Ndipo tsiku limene mudzaime pabedi mutu utadzaza manja ali lende, pakuti tsikulo limamufikira aliyense, musadzathawe ntchito. Itanani, Iye amamva, ndipo wodzakuthandizani akhoza kukhala yemwe uja mwamudutsa m'mawa osamupatsa moni. Inunso abale amene muli m'mayesero ena, kaya a matenda, kaya a m'banja, limbikani mtima, musaleke kupempha.

Amayi anga a Nambewe anatisiya kalekale. Pasatifiketi yanga pali dzina langa lokha ndi masaini a anthu akuluakulu. Koma zaka zonse zimene ndinagwira ntchito, chipatala chilichonse chimene ananditumiza, ndikafika m'mawa ndinkayamba ndazungulira kuseri kwa wodi kukaona pachingwe. Anzanga ankandiseka kuti anesi awa amakonda zochapa, ine n'kumangowasiya aseke. Manja aja ndinabwereka kwa Ambuye tsiku lija sanandiitanitsebe mpaka lero, ndipo ndi omwewa ndalembera umboni uwu. Dzina lake lilemekezeke. Amen.